Fani ya bambo anga

Kompyuta yanga yoikira anthu nyimbo m'mafoni pa Mitundu inkangozima kunja kukatentha. Ndinagula mafani awiri akale ku Nathenje n'kuwamangiriramo kuti aziiziziritsa, koma mphamvu ya m'kompyutamo inachepa, choncho ndinawalumikiza ku adaputa yawoyawo.

Bambo anga, omwe ankati ntchitoyi ndi masewera, anatulukira tsiku la msika thukuta lili kamukamu. Ndinazimitsa kompyuta kuti ticheze, koma mafani ankazungulirabe.

"Nanga awa samvera bwana wawo?" anafunsa.

"Amadya paokha, bambo."

Anaseka n'kusendeza mpando. Ndinamasula fani imodzi n'kuilozetsa kumaso kwawo. Kuyambira pamenepo ankabwera msika uliwonse, ati kudzandiyendera, n'kumawodzera chipewa chili pabondo. Kompyuta inkazimabe nthawi zina, koma faniyo sindinaibwezeremo.