Galimoto Yanga Yotsika pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Galimotoyo ndinayamba kuikonda ndisanaione ndi maso. Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya makina ochekera matabwa ku nkhalango ya Viphya, banja langa likukhala pa boma pa Mzimba, ndipo ndikaweruka ndinkangokhalira kuyang'ana pa foni zithunzi za galimoto zakale zochokera ku Japan. Imene ndinasankha inali saluni yofiira modera. Tsiku limene inafika ndinaiimika pabwalo, n'kutulutsa mpando, n'kukhala pakhonde kumangoiyang'ana mpaka tiyi anazizira m'kapu.

Loweruka lililonse ndinkapita nayo pamalo otsukira galimoto, pamene tinkakumana anthu a mtima umodzi: mphunzitsi wina, mwini golosale wina, ndi ena obwera mwa apo ndi apo. Nkhani zathu zinali za matayala, oyilo ndi kulira kwa injini basi. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuisintha. Ndinaika marimu onyezimira ku matayala, magalasi ndinawadetsa, ekizozi ndinaika yolira mobangula, kutsogolo ndinamangirira bampala yotsika ngati ndevu. Pomaliza ndinapita nayo ku Mzuzu kukadulitsa masipuling'i kuti igone pansi. Inabwerako itatsika mwakuti nkhuku yaikulu sikanatha kulowa kunsi kwake.

Mkazi wanga anaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Kodi ikudwala?" anafunsa.

"Ndi mmene zimakhalira galimoto zenizeni," ndinayankha.

"M'misewu yake iti?"

Ndinangoseka. M'tauni ndikafika pa mtumbira wochepetsa liwiro ndinkadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, a njinga zakabaza akundipitirira. Anthu ankatembenuka kuyang'ana, ndipo ine ndinkaona ngati akusirira.

Kwathu ndi ku Dedza, koma mkazi wanga ndi wa kuno. Mudzi wa kwawo uli kupitirira Embangweni, kumene anthu amalima chimanga ndi fodya ndi kuweta ng'ombe. Apongozi anga amandiitana kuti "a mkweni", ndiko kuti mkamwini m'Chitumbuka, ndipo amandilankhula Chichewa chosakaniza ndi chilankhulo chawo pofuna kundilemekeza. Apongozi aamuna ndi munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Ndi apongozi aakazi tinali tisanakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumbali, ine n'kunjuta, moni n'kupatsirana chapatali. Ulemu wake ndi umenewo, ndipo ndinkausunga bwino.

M'chilimwe cha chaka chimenecho mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, ankakwatiwa. Pa msonkhano wokonzekera ukwati, amalume ake a mkwati anati pikapu yawo ilipo, ikhoza kunyamula mkwatibwi kupita ku tchalitchi. Ine ndinadzutsa dzanja.

"Mkwatibwi akwere pikapu yonyamula fodya, galimoto yabwino ilipo pabanja pano? Mlamu wanga ndimunyamula ndine."

Apongozi aamuna anandiyang'ana kwa kanthawi. "A mkweni, msewu wathu mukuudziwa?"

"Ndikuudziwa, bambo."

"Yewo chomene," anatero, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Msewuwo ndinkaudziwadi, koma ndi mapazi. Chidulireni masipuling'i ndinali ndisanapiteko ndi galimoto kumudziko. Tinkakwera minibasi n'kumalizira pa njinga zamoto. Mkazi wanga anandikumbutsa zimenezi tikubwerera. Ndinamuuza kuti mvula inatha kalekale, msewu wauma, ndipo woyendetsa wodziwa ntchito yake sasowa podutsa.

Tinanyamuka Lachisanu. Ulendowo unali wokwawa, miyala ikukanda kunsi, koma tinafika. Ana anathamangira galimoto, akuluakulu anabwera kudzaigwiragwira, ndipo ine ndinagona mtima uli m'malo. Sindinaganize zokayendera kamsewu kochokera kumudzi kupita ku tchalitchi, kamene kamatsikira kudambo n'kukwera tsidya lina.

M'mawa wa Loweruka ndinalawirira kupukuta galimoto. Atsikana anaimangirira maliboni oyera ndi mabaluni. Mlamu wanga anatuluka m'nyumba atavala diresi loyera lalitali, anakhala kumbuyo ndi mnzake womuperekeza, mkazi wanga anakhala kutsogolo. Mkwati ndi abale ake anali atatsogola kale ku tchalitchi, ndipo pikapu ija inali itapita ku Embangweni kukatenga mipando ndi zakumwa. Tinanyamuka pa liwiro la munthu woyenda pansi, amayi akuimba ndi kululutira pambuyo pathu, onse atavala chitenje chofanana cha ukwatiwo. Ndinaponda mafuta pang'ono kuti ekizozi imveke. Anyamata anakuwa mokondwera.

Potsikira kudambo ndinaona chimene chinali kutsogolo. Malole onyamula fodya ndi nkhuni anali atakumba ngalande ziwiri nthawi ya mvula, pakati n'kutsala msana wa dothi louma gwa. Kumanzere kunali chigwembe, kumanja mpanda wa dimba. Ndikanatha kuima pomwepo. Koma kumbuyo kunali nyimbo, m'galasi ndinkaona nkhope ya mkwatibwi, ndipo ndinadziuza kuti ndikayendetsa tayala limodzi pamwamba pa msanawo ndidutsa.

Tayalalo linatsetsereka n'kugwera m'ngalande. Kunsi kunamveka kugunda kumodzi kolemera, galimoto n'kukhala pamimba. Ndinaika giya yobwerera, matayala akutsogolo anangozungulira m'malere akuwaza fumbi. Kenaka nyali yofiira ya oyilo inayaka. Ndinazimitsa injini. Nyimbo ija inapitirira pang'ono, kenaka inazilala, wina ndi wina akusiya.

Nditasuzumira kunsi ndinapeza kuti mwala wobisika m'dothimo waboola sampu, chiwaya chosungira oyilo pansi pa injini. Oyilo wakuda ankayenderera m'ngalandemo.

Apongozi aamuna anafika, anasuzumira nawonso, n'kuvula jekete lawo la ukwati n'kulipachika pa mpanda wa dimba. Anaitana amuna onse kuti anyamule ndi kukankha. Ndinavula langa kuti ndithandize, koma iwo anandiletsa.

"Lowani mkati, a mkweni. Chiwongolero agwira ndani?"

Panalibe wina wodziwa kuyendetsa. Mkwatibwi ndi anzake anatsika, ine ndinalowa. Ndinakhala pa mpando wofewa, manja pa chiwongolero, pamene amuna a msinkhu wa bambo anga, atavala zovala zawo zabwino, ankabuula kumbuyo kwanga. Galimoto inagwedezeka koma sinasunthe.

Kenaka ndinamva khasu likugunda pafupi ndi chitseko changa. Nditatsitsa galasi ndinaona kuti ndi apongozi aakazi. Anali atatenga khasu m'dimba muja, atagwada pansi ndi chitenje chawo chatsopano, akukumba dothi kunsi kwa galimoto. Mutu wawo unali m'munsi mwa chigongono changa. Chikwatireni mwana wawo tinali tisanayandikizanepo chotero.

"Amayi, chonde, siyani. Ndikumba ndine."

Sanadzutse mutu. "Mbwenu tichite bwanji, a mkweni? Mwana akuchedwa."

Ndinafuna kutsegula chitseko, koma chikanawagunda. Ndinangokhala momwemo mpaka amayi ena anawalanda khasulo. Atadzuka, maondo a chitenje chawo anali akuda ndi oyilo wosakanikirana ndi dothi. Anayesa kupukuta ndi udzu, banga n'kumangokula.

Ngakhale ikanachoka pamenepo, injini yopanda oyilo sikanayenda. Ndinawauza apongozi aamuna zimenezi ndi mawu otsika. Iwo anagwedeza mutu, n'kutuma anthu kumudzi kuti akamange ng'ombe pa ngolo. Ngoloyo inali itanyamula manyowa sabata yomweyo. Anaisesa, anaithira madzi, anayalamo mphasa ndi zitenje, n'kuikamo mpando wa m'nyumba. Inabwera modutsa m'mphepete mwa munda popeza msewu ndinali nditautseka ine. Atsikana amene anakongoletsa galimoto yanga m'mawa anabwera kudzamasula maliboni ndi mabaluni aja, mmodzi akunena kuti "pepani, alamu," n'kukawamangirira pa ngolo.

Mlamu wanga anadutsa pafupi nane atakwinya diresi lake m'manja kuti lisakhudze oyilo. Sanandiyang'ane. Mkazi wanga anatsalira pang'ono.

"Mupita nafe?"

"Ndingaisiye bwanji panjira?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana galimoto. "Khalani nayoni," anatero, n'kuthamangira ngolo.

Ndinatsala ndekha padambopo. Nyimbo za mu tchalitchi zinkamveka bwino lomwe kuchokera tsidya lija, ndipo ndinkatha kudziwa pamene mwambo wafika. Odutsa ndi njinga ankatsika, kupereka moni, n'kunena kuti "pepani chomene, adada," kenaka n'kusuzumira kunsi. Bambo wina wachikulire anafunsa ngati galimotoyo inabadwa yotero kapena inachita ngozi. Ndinayankha kuti inabwera choncho. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanama kwa munthu amene sindinkamudziwa n'komwe.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti njira yobwerera inali yomweyo. Mwambo utatha, ukwati wonse unatsikira kudambo: ngolo patsogolo, mkwati ndi mkwatibwi ali pamwamba, abusa pambuyo, kwaya, abale a mbali zonse ziwiri. Pofika pa galimoto anthu ankagawikana, ena uku ena uku, ngati madzi pa mwala. Ndinaima pambali jekete lili m'manja. Mkwati anawerama pa ngolopo n'kundigwira chanza. Amalume ake aja, a pikapu, amene anafika ku tchalitchi podzera msewu wina, ankabwerera wapansi atasiya galimoto yawo tsidya lija chifukwa panalibe podutsa. Anangondipatsa moni mwaulemu. Ndikanakonda akanandinyoza.

Dzuwa litapendeka apongozi aamuna anabweranso ndi ng'ombe zomwezo ndi tcheni. Anasiya alendo awo pa madyerero a mwana wawo kudzatenga ine. Pofuna pomangirira tcheni tinapeza kuti ngowe yokokera yabisika kuseri kwa bampala yanga ija. Ndinatenga sipanala, ndinagona m'fumbi n'kuimasula ndekha, n'kuiika pa mpando wakumbuyo pamene panakhala mkwatibwi. Ng'ombe zinakoka kamodzi, kawiri, galimoto inalira kunsi n'kutsika pa msana uja.

Njira yolowera pakhomo pa apongozi inkadutsa pabwalo pomwe panali madyerero. Tinalowa choncho: apongozi patsogolo ndi kamkwapulo, ng'ombe ziwiri, tcheni, kenaka ine pa chiwongolero. Ndinkafuna kukweza magalasi akuda aja kuti ndibisale, koma ndinaona kuti zikhala zoipa koposa. Woyendetsa mwambo anaimitsa nyimbo n'kulankhula pa chimkuzamawu.

"Tiwalandire a mkweni athu a ku boma, afika bwino."

Anthu anaomba m'manja. Sankaseka, ankaomba ndi mtima wabwino, ndipo ine ndinkangoyang'ana michira ya ng'ombe.

Galimotoyo inakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khola mpaka mwezi unatha. Ndinabwera ndi makaniko wa pa boma, tinaika sampu ina ndi masipuling'i aatali ngati amene inabwera nawo. Kunena zoona, itakwera m'mwamba inkaoneka ngati galimoto wamba, ndipo mtima unandiwawa pang'ono, chinthu chimene sindinauze munthu. Kwa anzanga a kotsukira galimoto ndinangoti ndatopa ndi kukwawa. Nkhani yeniyeni anali ataimva kale kwa oyendetsa njinga zamoto.

Apongozi sanatchulepo za tsikulo. Mkazi wanga analitchula kamodzi kokha, ndipo sanabwerezenso. Amene ndinkamuopa anali mlamu wanga. Patapita miyezi ingapo, anabwera kudzatichezera pa boma atatenga zithunzi za ukwati. Mkazi wanga atapita kukhitchini, ndinapeza mpata.

"Mlamu, za tsiku lija, pepani. Ndinakuonongerani ukwati."

"Ngolo ija? Ayi, alamu, ija sinandidandaulitse. Ndakulira pa ngolo imeneyo."

Anasanthula zithunzizo n'kundipatsa chimodzi, cha banja lonse pakhomo la tchalitchi. Makolo a mkwati anaima kutsogolo pafupi ndi mwana wawo. Apongozi aamuna anaima pafupi ndi mkwatibwi. Apongozi aakazi ndinachita kuwafunafuna, ndipo ndinawapeza mzere wakumbuyo, kuseri kwa amayi ena, akungooneka nkhope ndi duku.

"Anakana kuima kutsogolo chifukwa cha chitenje chija," anatero mlamu wanga. "Tinawachonderera, ena anafuna kuwabwereka chawo, koma anati nthawi yatha kale, tisachedwetsenso anthu. Zithunzi zonse ali choncho."

Ndinayang'ana zotsalazo chimodzichimodzi. Zinalidi choncho. Ndinamubwezera zithunzizo, ndipo mkazi wanga analowa ndi tiyi.