Kajekete ka Lesi Kamene Anasoka a Mipando

Ine pakamwa panga sipasunga mawu, ndipo alamu anga ndawanena zambiri pa zaka makumi awiri ndi zisanu zomwe akhala ndi achemwali anga. Ndinkati achemwali anakwatiwa ndi chitsa. Munthu wanji ukamupatsa moni amayankha ndi mutu, ukamuyambitsa nkhani amangoti "eya", basi nkhani yathera pomwepo? Ntchito yawo ndi yokonza mipando ya galimoto, ndiye msewu wonse umangowatchula kuti a Mipando. Kuseri kwa nyumba ali ndi kashedi ka malata kodzaza masiponji, zikopa, lona ndi guluu wonunkha mpaka kupweteketsa mutu. Makina awo osokera ndi chilombo, akawaponda mbale zimalira kukhitchini. Manja awo ndiye musanene: okhakhala, ong'alukang'aluka, zikhadabo bii. Akamugwira mwana patsaya, mwanayo amathawa.

Chaka chatha achemwali anadwala khansa, ndipo madokotala anawachotsa bere lakumanzere. Bala linapola bwinobwino, koma mkono wa mbali imeneyo unayamba kutupa, kuchokera paphewa mpaka padzanja, mpaka unakula kuwirikiza unzake. Bulauzi iliyonse inkakanira pachigongono. Anamwino anati asavale chothina, asavalenso cholemera, mkonowo uzipitidwa mphepo. Nanga avale chiyani?

Tsiku lina akuchokera kuchipatala, mayi wina m'minibasi anauyang'ana mkonowo, n'kukoka mwana wake kuti asakhudzane nawo. Kuyambira tsiku limenelo achemwali sanatulukenso pageti. Munthu amene ankadziwika msewu wonse ndi phwete lake anangokhala pampando wa pabalaza, kuseri kwa katani yoyera ya lesi, kumaonera anthu akudutsa iwo osaoneka. Tsiku lokaonana ndi dokotala linafika, sanapite. Linafikanso, sanapite. Anamwino anandiimbira foni ine, n'kundiuza mosabisa kuti matendawa amatha kubwerera mwakachetechete, ndipo ukachedwa kuwaona umataya munthu. Anatipatsa tsiku lina, Lachinayi, patatsala masabata atatu.

Ndinayesa zonse. Ndinanyengerera, ndinalira, ndinakalipa. Ndinabwera ndi telala kunyumba, koma nayenso telalayo, mayo ine! Atangotulutsa tepi yake anati, "Eee, mayi, uwu ndi mkono kapena mwendo?" Achemwali analowa kuchipinda n'kukhoma chitseko, ine n'kumuthamangitsa telalayo mpaka pamsewu. Ukali wotsala ndinakauthira pa alamu.

"Inu alamu, mkazi wanu akutha muli pompano, inu muli kalikiliki ndi mipando ya eni ake! Mtima muli nawo koma?"

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Eya." Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi nsapato.

Patapita masiku awiri ndinapeza zenera la pabalaza lili mbee, katani palibe. Achemwali anali atasamukira kuchipinda, atakwiya koopsa. "Alamu akowo akuti akaichape," anatero. "Munthu ameneyu anayamba wachapapo katani chibadwire?" Ndinaona kuti zinthu zafika poipa, chifukwa tsopano ngakhale dzuwa sankaliona. Ndinalunjika kushedi kuti ndikawalalatire.

Nditakankha chitseko ndinakuwa. Patebulo panali mikono iwiri ya munthu, wina waukulu wina waung'ono! Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi siponji, yosemedwa ndi mpeni, yosalazidwa bwinobwino. Waukuluwo ndinauzindikira nthawi yomweyo. Pamene mkono wa achemwali umatupa kwambiri, pamwamba pa chigongono, napo panali potupa. Pamene umapindika, napo panali popindika.

"Munawayeza bwanji, poti tepi safuna n'kuiona komwe?" ndinafunsa.

Alamu anatambasula manja awo. M'mawa uliwonse ndi iwo amene ankawasisita achemwali mkonowo, monga anawaphunzitsira anamwino. Ndiye akamasisita ankazunguliza zala, n'kusunga muyezowo m'manja, kenako n'kuthamangira kushedi kukasema siponji asanaiwale. Lero paphewa, mawa pachigongono, mkuja padzanja. Anatero sabata yathunthu, mwini mkono osadziwa kanthu.

Pambali pake panali katani ija, yochapidwa, yoyanikidwa pa nsalu yoyera, ndipo ngodya imodzi inali itadulidwa kale.

"Alamu! Mukufuna achemwali anga aziyenda mumsewu atavala zenera?"

Anangondilozera mpando wa minibasi wong'ambika kuti ndikhale, ndipo ndinakhala.

Kuyambira tsikulo ndinkabwera masana aliwonse, ati kudzaona wodwala, koma zoona zake ndinkabwera kudzaonera alamu. Tsiku loyamba anayesa makina awo aja. Anangoponda kamodzi, chilombo chija chinameza lesi n'kuilavula ili zingwezingwe. Anaitola, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuphimba makinawo ndi lona. Anapita kusitolo n'kukagula singano zing'onozing'ono zoti m'zala zawo sizinkaoneka n'komwe, ndi ulusi woyera wopyapyala ngati tsitsi la khanda.

Vuto lina linali manja. Akangoigwira lesi, inkakodwa m'ming'alu ya zala n'kusololoka ulusi. Ndiye bambo wamkulu ameneyu anatenga mwala wokwechera mapazi, n'kumakwecha zala zake m'mawa ndi masana, n'kumadzola mafuta a achemwali mobisa. Guluu anasiya kumugwira. Mwini minibasi wina anabwera katatu kudzafunsa mipando yake, akulalata kuti galimoto yangokhala, alamu n'kumangoti, "Sabata yamawa." Ine ndinawaseka kuti posachedwa tiwapaka utoto m'zikhadabo, koma kuseka kwanga kunali kwa pakamwa chabe.

Kasokedwe kake ndi kamene sindidzaiwala. Lesi ija inali ya maluwa, lililonse kukula ngati chikhatho cha mwana. Telala wamba akanangolumikiza nsalu ziwiri n'kudutsa mzere wowongoka, msoko n'kumaonekera kutali. Alamu ayi. Ankasanjika duwa la mbali iyi pamwamba pa duwa la mbali inayo mpaka awiriwo akhale limodzi, n'kumasoka motsatira m'mphepete mwa duwalo, kukhota pamene lakhota, kenako n'kudula zotsala kunsi ndi kasizasi kodulira ndevu. Akamaliza ankandipatsa kuti ndipeze msoko. Ndinkaunika padzuwa, kutembenuza uku ndi uku, osaupeza. Ine amene ndimaona chilema pa diresi la munthu ali tsidya lina la msewu!

Tsiku lina ndinawafunsa za mikono ya kajekete kamene ankasokako. Ndinati ngati wina ukhala waukulu wina waung'ono, anthu aona. Ngati yonse ikhala yaikulu, achemwali aoneka ngati avala thumba. Alamu anaveka mikono ya siponji ija kajeketeko n'kundiuza kuti ndiwerenge maluwa. Kumanja, kunja kwa mkono, maluwa asanu. Kumanzere, maluwa asanu, pamalo omwewo. Kenako anatukula mkono waukuluwo. Nsalu yonse yowonjezera anali ataibisa kunsi, kukhwapa, kumene diso silifika.

"Diso limawerenga maluwa, siliyeza nsalu," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu opitirira atatu.

Mphepete ya katani, ija yokhotakhota ya kumunsi, anaiika kumapeto a mikono ndi m'chiuno, moti panalibe popinda paliponse. Mabatani sanaike, poti zala zakumanzere za achemwali zinkavutika kumanga. Kutsogolo anangokusiya kotsegula, koma mbali yakumanzere anaipatsa kamkwinya kamodzi kuti nsalu izigwa modzaza pamene panachoka bere. Zimenezi palibe anawauza. Ine ndinakhala pampando wong'ambika uja manyazi atandigwira, ndikuganiza kuti munthu uyu ndamutcha chitsa zaka zonsezi, chonsecho amaona zinthu zimene ine mng'ono wake wa mkaziyo sindinazione.

Lachinayi lija ndinafika m'mawa kwambiri. Achemwali anali pabedi, atafunda, nkhope kukhoma. Anali atanena kale dzulo lake kuti sapita. Alamu analowa atanyamula kajekete kaja m'manja awiri, n'kukayala pabedi pang'onopang'ono.

"Mayi a ana, katani ija ndabweza."

Achemwali anatembenuka. Anayang'ana maluwa aja, anagwira mphepete yokhotakhota ija, nkhope n'kusintha.

"Mwadula katani yanga?"

"Eya."

"Katani imene ndinasankha ndekha tikulowa m'nyumba muno? Ndiye ine ndizibisala kuti? Mwandilanda bere, ayi, si inu, koma tsopano mwandilandanso pobisala!" Mawu anawathera, anayamba kulira. Ine ndinati mumtima basi, zonse zapita m'madzi.

Alamu anakhala m'mphepete mwa bedi. Anadikira mpaka kulira kutachepa, ndiye anati, "Muzibisalabe momwemo. Koma muzibisala mukuyenda."

Kenako achemwali anadzuka, anavala diresi lawo labuluu lopanda mikono limene linakhala m'sutikesi chaka chonse, n'kutambasula mkono wotupawo okha. Alamu anaulowetsa. Unalowa osakodwa pena paliponse, osathina, osalendewera. Achemwali anaimirira pagalasi la pawadiropu nthawi yaitali, akutembenukira uku ndi uku. Kajeketeko kanali kopepuka moti akapuma kankayenda nawo. Mkono unkaoneka, inde, koma umayenera kuufunafuna kuseri kwa maluwa.

"Munandiyeza liti, bambo inu?" anafunsa motsitsa mawu.

"M'mawa uliwonse."

Achemwali anagwira dzanja la amuna awo, analitembenuza, anasisita zala zosalala zija, n'kuwayang'ana ngati akuwaona koyamba. Anangotenga chikwama chawo ndi kabuku ka kuchipatala.

Tinatuluka tonse atatu. Pageti achemwali anaima pang'ono, kenako anaponda mumsewu. Mayi wa pagolosale anasiya kasitomala n'kuthamanga kudzawakumbatira, akufunsa kumene anagula kajekete kokongola chonchi. Achemwali anati, "Kwa telala wanga. Sasokera wina aliyense." Ndipo anaseka, phwete lenileni, mpaka anthu a pasiteji anacheuka.

Minibasi itatulukira pakona, ndinakonzeka kuti ndiimitse. Achemwali anandigwira paphewa.

"Iwe, taima."

Anapita patsogolo pathu, pamaso pa anthu onse aja, n'kutukula mkono wakumanzere m'mwamba, wotupa womwewo, mpaka minibasiyo inaima.