Mlendo Amene Anadutsa Pawindo Pathu

Ndikakumbukira agogo Chisale, chimayamba kundifika ndi fungo la mafuta opaka mabondo, losakanikirana ndi la matope a mtsinje wa Thames lomwe linkalowa pawindo la fulati yawo ku Thamesmead madzi akaphwera. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala khomo loyang'anizana ndi lathu, kwa mwana wawo woyendetsa basi, ndipo amayi akamapita ku ntchito yawo ya unamwino ankandisiya kumeneko ndi kachikwama ka mabuku obwereka ku laibulale.

Chingerezi ankachidziwa ndithu, koma ankachinyoza dala. Ankatsegula buku la zithunzi, kuphimba mawu onse ndi chikhatho, n'kuyamba bodza lawolawo m'Chichewa: namgumi wa pachithunzi ankasanduka mkulu wa mpingo wonenepa amene wamaliza yekha chakudya cha paukwati. Ine ndikakuwa kuti, "That's not what it says, agogo!" iwo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mkazi wanga," ankanditcha choncho pondiseka, "wolemba bukuyu anamuonapo namgumi? Ine ndinamuona ndi maso angawa."

Ali mnyamata ankaphika m'nyumba ya azungu m'mphepete mwa nyanja ku South Africa, ndipo ankati nyengo yake ikakwana anamgumi ankafika ndi ana awo pafupi penipeni, mpaka iwo kupsereza mpunga ali maso pawindo. Ankatsanzira kupuma kwa namgumi, mpweya wautali wonyowa wotuluka m'mphuno, ine n'kubisala kuseri kwa mpando ndikufa nako kuseka. Masana alionse tinkapita ku khoma la mtsinje, ati kukaona anamgumi. Tinkangoona matayala ndi majumbo akuyandama, koma agogo ankapatsa chilichonse dzina ndi mbiri ya makolo ake. Sindinakhalepo wosangalala ngati masiku amenewo.

Kenako kunabwera nyengo yozizira imene amayi, ali oyembekezera, anagonekedwa m'chipatala magazi atakwera. Abambo anasiya kundiyang'ana m'maso, ndipo akuluakulu ankadula nkhani ndikangolowa. Sabata yomweyo pa TV anaonetsa namgumi weniweni atalowa mumtsinje mpaka pakati pa London, anthu ali piringupiringu pamilatho. Ndinathamangira kwa agogo opanda nsapato. Ndinawapeza ali chilili pawindo, manja kumbuyo, ndipo sanatembenuke.

"Wadutsa pompano," anatero. "Pawindo pathu penipeni, ife osamva."

Madzulo ake ndinawamva akuuza mwana wawo kukhitchini, poganiza kuti Chichewa chozama sindichimva. "Nyama ikasiya kwawo n'kulowa pamudzi siibwera chabe. Ndi malodza amenewa. Yadzatenga munthu, ndipo wodwala pano tikumudziwa tonse."

"Adadi, please, musayambe za kumudzi," mwana wawoyo anayankha. "Yangosochera basi. Ine ndili ndi shifiti."

Mawa lake tinamva kuti namgumiyo amukweza pachombo kuti amubwezere kunyanja, ndipo adutsa kwathu. Agogo anavala suti yawo ya kutchalitchi ndi chipewa, n'kundigwira dzanja. Pakhoma panali anthu ambiri ndi makamera, ana ali pamapewa, koma chombo chitatulukira kukuyamba kuda, phokoso lonse linatha lokha. Chinkayenda pang'onopang'ono ndi magetsi ake oyera, ndipo pakati pake panagona chinthu chotuwa chachitali, anthu ovala zofiira akuchithira madzi ngati akusambitsa maliro.

Agogo anavula chipewa. Analankhula motsitsa, mwaulemu umene munthu amalandirira nawo apongozi.

"Takuonani, alendo. Ngati simungabwerere chimanjamanja, mayi uja musiyeni, ali ndi ana. Ine ndilipo. Katundu wanga ndi wochepa, sindikuchedwetsani."

Pamenepo ndinamva kupuma kuja, kwautali, konyowa, kuchokera pamadzi. Ndinayang'ana agogo kuganiza kuti ndi masewera awo, koma pakamwa pawo panali potseka. Nditafunsa ngati naye wamva, mayi wachizungu amene anaima pafupi nafe anati chombo chili kutali, palibe chimene chingamveke. Dzanja la agogo linali lozizira ngati chitsulo cha pakhomapo.

Namgumi uja anafera panjira asanafike kunyanja. Amayi anatuluka m'chipatala atanyamula mchimwene wanga, wofiira, wolira ngati walipidwa. Agogo anamunyamula, kumununkhiza pamutu, n'kunena kuti, "Eya, wafika bwino." Kuyambira pamenepo nthabwala zawo zinachita kunyanya. Ankandituma mabuku ambirimbiri, n'kumawanamizira mothamanga ngati munthu amene basi ikumudikira, koma ku khoma la mtsinje sanapitenso. Ndikawakoka dzanja ankangoti, "Kumeneko tinamalizako, mkazi wanga."

Kuzizira kusanathe, mwana wawo pochokera ku ntchito masana anawapeza atakhala pampando wa pawindo, suti ya kutchalitchi ili m'thupi, nsapato zopolishidwa, tsiku losakhala Lamulungu. Sanadwalepo. Madokotala anati ndi mtima.

Lero ndine munthu wopita kusukulu, ndipo ndikhoza kukufotokozerani bwinobwino chimene chimasocheretsa anamgumi. Mchimwene wanga ndi chimphona chodya ngati anthu atatu, ndipo nkhaniyi saidziwa. Ndimawasowa agogo aja, ndipo ndimawaopabe pang'ono. Tchuthi chikafika ndimatengera ana anga ku gombe la ku Scotland, n'kukwera nawo boti lokaonera anamgumi, chifukwa chimwemwe chimenechi sindingawamane. Koma msana wakuda uja ukatumphuka m'madzi, iwo akukuwa ndi kulumpha, ine ndimawakokera kumbuyo kwanga n'kunong'ona m'Chichewa kuti, "Takuonani, alendo. Pakhomo pathu munatenga kale."