Tsiku Limene Ndinabweza Matope Kumtsinje

Mbatatesi za ku Tsangano zikafika pabenchi langa ku Furancungo, ndimayamba ndanunkhiza dothi lake. Ogula amati ndi machenjera a malonda. Ayi ndithu, ndimakumbukira dimba la bambo.

Titangobwerako ku Malawi, mtsinje unasefukira n'kusiya matope akuda, oterera ngati phala, pamene tinkafuna kubzala nyemba. Pofuna kuwasangalatsa bambo, ndinatenga beseni n'kumakokolola matopewo, kukataya m'madzi mpaka masana.

Atafika anagwira m'chiuno. "Iwe mwana, mtsinje watipatsa adubu, feteleza waulere, iwe ukubweza? Nyemba zidya chiyani?"

Anandikwezera kumtunda, pathyathyathya pamene panali nyumba yathu, nakumba pang'ono. Munatuluka miyala yobulungira, yosalala.

"Kale mtsinje unkadutsa pano. Unasiya dothi ili, n'kudzikumbira njira kumunsi."

"Ndiye udzabwera kudzalanda malo ake?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nandipatsa beseni lija. "Kautsate adubu wanga." Ndinabwera ndi madzi okhaokha, ndipo nyemba zinamera zonyozoloka ndendende pamene ndinasesa.

Lero pamsika amati basela sandidutsa ine. Sadziwa kuti basela wamkulu pa moyo wanga ndinamubweza ndekha, ndi beseni.