Funso limene mwana wa abusa sanandifunse

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza nditakula kale, ana atatu ali kusukulu, ndipo inali ntchito yodwala. Zaka zonse ndinkangogulitsa repu ndi tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kwathu ku Shimabala. Tsiku lina kutchalitchi tinachita sewero la mai wamasiye wolandidwa katundu, wamasiyeyo ndinali ine. Titatuluka, ba Sister Mweemba, nesi wokhala ku Estates ya ku Kafue amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya madokotala ku Lusaka, anandigwira dzanja nati, "Imwe amake Tisa, misozi ija munaichosa kuti? Bwelani pa Mande, tifuna anthu monga imwe." Ndinawauza kuti sukulu ndinalekera giredi seveni. Anaseka, nati odwala ambiri analekeranso pomwepo. Mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mai ameneyu.

Ntchito yake ili motere. Ana ophunzira udokotala, asanawalole kukumana ndi odwala maganizo enieni, amayamba ayesera pa ife. Amakupatsa khadi lolembedwa za munthu amene ukhale. Langa linali la Esinati, mai wa khanda la miyezi itatu, sagona, sadya, kusamba anasiya. Ba Sister anandiwerengera khadilo mpaka ndinaloweza. M'chipinda muli mipando iwiri, tebulo, bokosi la tishu, kamera pakona, ndi galasi lalikulu. Kuseri kwa galasi kumakhala dokotala woyesa, iye amationa, ife sitimuona. Khanda ndi chidole chokulunga m'chitenje. Belu likalira wophunzira amalowa, pakapita mphindi khumi limaliranso, iye atuluke. Ndikatero ndimachonga papepala langa: kodi anandipatsa moni, kodi anandimvera, kodi ndingabwerenso kwa dokotala ameneyu. Tikaweruka timasamba kumaso ndi kutchula dzina lathu lenileni katatu, kuti wodwalayo asakwere nafe minibasi.

Lamulo lalikulu linali limodzi. Esinati anagula mankhwala a makoswe, anawabisa m'chitini cha shuga pamwamba pa kabati. Izi sindinaloledwe kuzitchula pokhapokha wophunzira atafunsa mosazungulira kuti, kodi munaganizapo zodzipha? Ba Sister anati, "Akapanda kufunsa, muyende nayo kunyumba mankhwala yanu. Ni mwamene anthu bachitila."

Mundikhululukire, koma ambiri mwa ana amenewa ndinawapeputsa, ndipo sindinalapebe. Amalowa ndi makoti oyera ositidwa mpaka kuthwa, chopimira pachifuwa chikulendewera pakhosi ngati mendulo, pomwe kuno kulibe chifuwa choti apime. Wina anandifunsa tsiku, mwezi, chaka, nandiwerengetsa chobwerera kuyambira handiredi, koma dzina la mwana amene ndanyamula, ng'o. Wina analankhula Chingerezi mphindi zonse khumi, pomwe khadi likunena kuti Esinati sachimva. Wina ankayang'ana wochi kuposa nkhope yanga. Ndikalira, amakankha bokosi la tishu ndi chala chimodzi ngati akupatsa galu mbale. Mabuku anadya ndithu, koma kukhala chete pamaso pa munthu wosweka mtima kumawavuta kuposa mwana wa nasale. Analipo ochepa abwino, monga kamtsikana kena kamene kanangokokera mpando pafupi nkuti, "Mwalema, amai, ai?" Kameneko ndimakapempherera.

Tsopano kutchalitchi kwathu ndinali wotsogolera mapemphero a amai, zaka zisanu ndi chimodzi. Udindo umenewu ndiwo unali ulemu wanga wokha padziko. Ine wogulitsa repu ndinkakhala benchi la kutsogolo, maliro akagwa ankayamba kuimbira foni ine. Anandiika pamenepo ndi amai busa, ndipo mwana wawo Joshua ankaphunzira pa sukulu yomwe ija.

Sondo ina titatuluka m'tchalitchi amai busa anandiitanira kuseri kwa tanki la madzi. "Amake Tisa, namvela musebenza kuja kwa Joshua."

"Inde, amai."

"Mayeso ni pa Chinai. Akafeluka sazayenda ku wodi, azabwezela temu yonse. Ngati pali kanthu kobisika mu ka sewelo kanu, mukambe chabe mweka. Si ndimwe ba mapemphelo imwe? Musagwese mwana wa mtumiki."

Kenako, akumwetulira, anandifunsa ngati benchi la kutsogolo likundikomerabe. Ndinamva. Si kuti ndine chitsiru chifukwa cha giredi seveni.

Pa Chinai ndinafika mmawa ndi kuuza ba Sister kuti mnyamatayu ndimamudziwa, andichotse. Koma mnzanga amene timasinthana pa Esinati anali kumaliro ku Mazabuka. "Kulibe wina," anatero ba Sister. "Muchite monga muchitila kuli bonse." Ndinalowa m'chimbudzi, ndinagwada pasimenti ponyowa, ndinati Ambuye, mumuike funsolo pakamwa, ine ndisavutike.

Joshua anali wachisanu ndi chimodzi. Pafyumu wake ndiye anayamba kulowa, mwini akubwera pambuyo. Atandiona anamwetulira ngati munthu amene wapeza kuti kondakitala ndi msuweni wake. Anafunsa za tulo, za kudya, za mutu, mofulumira ngati akuwerenga mndandanda wa zogula, osadikira yankho lithe. Ndinafika pa mawu amene khadi limalola, amene ali ngati chitseko chotsegula pang'ono. Ndinayang'ana chidole ndi kunena kuti, "Mwina mwana uyu angankhale bwino ngati ine kulibe."

Apa ndi pamene dokotala amayenera kuima ndi kufunsa. Joshua anawomba m'manja kamodzi. "Ah, ba mayo, musakambe so! Iyo ni mzimu wa mdima. Mwana ni dalitso." Anandigwira mutu, natseka maso, nayamba kudzudzula mizimu ndi mawu a bambo ake enieni, mpaka malovu kugwera pa chitenje cha khanda. Ine ndine mai wa pemphero, ndinapemphererapo anthu m'mawodi ndi kumanda. Koma pemphero lija ndinalinyansidwa nalo. Silinali lopita kumwamba ayi, linali chivindikiro chotsekera pakamwa panga, kuti iye asamve chinthu choopsa.

Atati ameni analemba mapilisi a tulo, nati ndibwere mwezi wamawa. Inatsala mphindi imodzi. Ndipo anawerama, anakweza zikope, nanena motsitsa, "Kulibe vina, ba mayo? Vilivonse?" Ankadikira zimene amake anamulonjeza.

Ndinaona benchi langa, ndinaona amai a mapemphero aja akundiimbira foni. Kungonena kuti "chitini cha shuga" kukanatha zonse. Koma ndinaganiza za Esinati weniweni amene adzakhale pampando umenewu chaka chamawa, wopanda amai busa omunenera, wamanyazi, wodikira kuti wina amufunse. Ndinaweramitsa mutu ndi kuti, "Kulibe, adokotala." Belu linalira.

Pa funso lakuti ndingabwerenso, ndinachonga kuti ayi.

Masana anatiitana ine ndi Joshua kukaonera zimene kamera inajambula. Woyesa anali dokotala wachikulire, mai wa imvi wosakweza mawu. Anaimitsa chithunzi pamene Joshua wandigwira mutu. "Esinati wayenda kunyumba," anatero. "Mailo kukacha ali kuti?"

"Ali bwino, dokota. Namupemphelela," anayankha Joshua.

"Amai, muuzeni vili mu chitini cha shuga," anatero dokotala kwa ine.

Ndinamuuza. Ndimayembekeza kuti agwa nkhope. M'malo mwake anatembenukira kwa ine nati, "Nanga simunakambe bwanji?" Taonani, mwana wa zaka zisanu za udokotala kukwiyira wodwala chifukwa sanamuuze yankho! Dokotala uja anati, "Kupemphela sitikaniza. Koma uyambe wafunsa, udziwe chamene upemphelela." Joshua anabwereza temu.

Sondo yotsatira analengeza kuti mapemphero a amai apatsidwa "magazi atsopano." Palibe amene ananena chifukwa, koma onse anadziwa. Amai busa anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Ena amene ndinawasambitsira maliro a abale awo anayamba kuyang'ana kudenga tikakumana pamsika ku Kafue. Ndinalira, sindinama, ndipo misozi imeneyo sinali ya pakhadi. Ndinasamukira benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Kumbuyo kuja ndinapeza anthu amene zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawapatsa msana. Kumakhala obwera mochedwa, othawa msanga, osaimba. Patapita miyezi iwiri, pambali panga panakhala mtsikana wa khanda, tsitsi losapesa, maso ali pakhoma, mwana akulira iye osamumva. Kutsogolo akufuula aleluya. Ndinamunyamulira mwana, tinatuluka panja, tinakhala pa njerwa. Nditamufunsa, anati wangotopa. Kale ndikanamugwira mutu pomwepo, monga Joshua, ndipo ndikanapita kwathu ndikudziona woyera. Koma tsiku limenelo ndinafunsa mosazungulira, "Mwana wanga, unaganizapo zozipha?"

Anandiyang'ana nati, "Munaziba bwanji?"

Sindinamusiye yekha. Tinaitana mkulu wake, ndipo tsiku lomwelo tinapita naye kuchipatala, ine nditabereka khanda. Tinapemphera m'minibasi, atatha kundiuza zonse. Lero akumwa mankhwala, amapita kukaonana ndi anesi mwezi ndi mwezi, ndipo mwana wake wayamba kuyenda.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo makoti oyera akupitirizabe kundikankhira tishu ndi chala chimodzi. Chimene ndinasunga ndi ichi: munthu wolemedwa umayamba wamufunsa, numva yankho lake mpaka kumapeto, ngakhale likuwopse, ndipo pambuyo pake ndiye utseke maso. Benchi la kutsogolo akhale nalo. Kumeneko munthu umangoona guwa, anthu onse ali kumbuyo kwako.