Felemu ya nyali yanga ilibe miyendo

Felemu yachitsulo imene ndinapangitsa kuti izinyamula nyali yanga ya LED yokulitsira mbande ilibe miyendo, ndipo wolakwa ndine.

Ndinapita nayo nyaliyo kwa Che Saidi, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika wa Mangochi, kuti aipangire felemu yokhala ndi miyendo. Pashedi pawo panadzaza akabaza, aja odziwa zonse koma sanamangepo ndi khola la nkhuku lomwe. Ndikanayamba bwanji kunena pamaso pawo kuti ine, munthu wandevu, ndikufuna kuunikira mbande za letesi m'chipinda, kuno kumene dzuwa limawamba ndi mbuzi yamoyo yomwe?

"Nyaliyi ndi yachiyani, achimwene?" anafunsa Che Saidi.

"Ya usipa," ndinatero.

Akabaza aja anagwedeza mitu mwaulemu, ndipo ulemu wotchipawo ndinaulandira ndi manja awiri.

"Ndiye miyendo mukunenayi ikaponda pati pamadzi?" anatero Che Saidi. Anawotcherera mkono wautali ndi chopanira chogwira m'mphepete mwa bwato. Ine, wonyoza anzake uja, ndinawagwirira chitsulo n'kumati, "Eya, choncho kumene."

Lero felemuyo ili gone pansi. Nyali ndaimangirira kumpando ndi lamba wa thalauza, ndipo mbande zonse zapendekera mbali imodzi, zowonda ngati ulusi.

Che Saidi auza mlamu wawo, mwini bwato ku Chembe, kuti ndili ndi nyali yamphamvu. Akubwera Loweruka kudzanditenga kuti tikaiyese panyanja. Nyaliyo imayendera magetsi a m'nyumba, ndipo ine sinditha kusambira.