Che Sumaila ndi Majisi wa ku Area 12

Che Sumaila Twaibu anabadwira ku Old Town, m'banja la okhoma zitini. Bambo awo anali ndi benchi pafupi ndi Msika wa Tsoka, pomwe ankakhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothiririra mbewu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwana woyamba ndiye adzalowe pa benchipo. Koma m'chaka cha 2001 che Sumaila anatopa ndi phokoso la hamala. Anatsanzika mkazi wawo Asiatu, yemwe anali ndi khanda lalikazi kumbuyo, dzina lake Zakia, nakwera basi ya ku Joni. Ananena kuti akakhalako zaka ziwiri zokha.

Ntchito yoyamba kupezeka inali yowola ndowe m'makola a mahatchi a mpikisano, kunja kwa mzinda. Anali asanaonepo hatchi pafupi. Chomwe ankadziwa ndi abulu okoka ngolo. Anawola ndowe zaka zinayi, kufikira tsiku lomwe kunabwera kahatchi kakamuna ka zaka ziwiri, kofiirira ngati khofi, ka banga loyera pamphumi. Pa pepala dzina lake linali Winter Magistrate, koma antchito a m'khola ankangoti Majisi. Sabata yoyamba yomweyo Majisi analuma munthu paphewa, nathyola chitseko. Mphunzitsi wa mahatchi anamupereka kwa che Sumaila chifukwa palibe wina ankamufuna.

Iwo sanalimbane naye. Ankalowa m'khola ndi ndowa, n'kuivundikira, n'kukhalapo atamufulatira, kumangolankhula okha m'Chichewa ndi m'Chiyao zakumudzi. Patapita masabata awiri anamva mpweya wotentha pakhosi, kenaka mphuno yofewa paphewa. Kuyambira pamenepo Majisi ankalola dzanja la munthu mmodzi yekha kumugwira makutu ndi ziboda.

Mukawafunsa lero za mtundu wa Majisi, che Sumaila sapunthwa. Bambo wake anali Judge's Errand, hatchi yochokera kutsidya kwa nyanja, ya liwiro pa mitunda yaifupi koma ya ukali. Mayi wake, Salt Ribbon, sanapambanepo mpikisano, koma anabadwa kwa hatchi yomwe inabereka akatswiri atatu a mitunda yaitali. Kwa bambo, Majisi anatengako mtima wapachala ndi kunyamuka msanga. Kwa mayi, chifuwa chachikulu ndi mpweya wosatha. Che Sumaila amatchula makolo ake mpaka mbadwo wachisanu, kuchimuna ndi kuchikazi, pomwe dzina la agogo awo a bambo awo enieni salidziwa.

Majisi anathamanga mipikisano makumi awiri ndi itatu, napambana khumi ndi umodzi. Waukulu koposa unali wa m'chaka cha 2007, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, mtunda wa makilomita awiri, mahatchi khumi ndi asanu ndi atatu. Anamuika kumphepete kwenikweni kwa mzere woyambira, ndipo pokhota komaliza anali wachisanu ndi chinayi. Wokwera anamutulutsira kumbali komwe kunalibe chomutchinga, Majisi nayamba kuwameza anzake mmodzimmodzi, mpaka anapambana, atangotsogola ndi khosi lokha. Che Sumaila sanaone zonsezi. Osamala mahatchi ankadikira kuseri, bulangete ndi ndowa ya madzi m'manja, ndipo iwo anangomva chigulu cha anthu chikukuwa dzina lija. Pa chithunzi cha tsikulo pali mwini hatchi, mkazi wake ndi wokwera. Za che Sumaila pakuoneka mkono wokha, utagwira chingwe.

Chaka chotsatira mtsempha wa mwendo wakutsogolo unaduka, kuthamanga kunathera pomwepo. Anamutumiza ku famu kuti azikabereketsa, che Sumaila napita naye. Kumeneko zinthu sizinayende. Pa zaka zisanu Majisi anangobereketsa ana khumi ndi mmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatengera liwiro lake. Eni famu anayamba kufunafuna woti am'tenge. Nthawi imeneyo mapepala a che Sumaila anali atatha kalekale. Sankatuluka pageti la famu kuopa apolisi, ndipo Zakia ankangomudziwira pafoni.

Ndiye kunatulukira a Chikaonda, Mmalawi wa mathiraki oyenda pakati pa Joni ndi Lilongwe. Mwana wawo wamkazi anali ataphunzira kukwera hatchi kusukulu ndipo ankalirira yakeyake. A Chikaonda anagula Majisi, ponena kuti womusamala abwere naye. Che Sumaila sanaganize kawiri. Anayenda masiku asanu kumbuyo kwa thiraki, atakhala pa msipu pafupi ndi miyendo ya hatchi, ndipo atadutsa pa Mwanza analira osadziwa kuti akulira. Munali mu 2014. Khanda lija linali mtsikana wa Sitandade 8.

Nyumba ya a Chikaonda ku Area 12 ili pa malo aakulu, mukamayesa ndi maso a munthu. Kwa hatchi, bwalo lomwe anamupatulira kuseri kwa galaja ndi mapazi makumi anayi mulitali, makumi awiri ndi asanu mulifupi. Mozungulira muli mpanda wa njerwa, pamwamba pake mawaya a magetsi. Mwana wa bwana anayesa kamodzi kokha kuyandikira ndi chishalo, Majisi nagoneka makutu, mtsikanayo n'kubwerera cham'mbuyo. Posakhalitsa anapita kukaphunzira kunja. Hatchi inatsala yoonetsa alendo. Kukakhala phwando, bwana amatuluka ndi mapepala a mtundu wa Majisi ali mufulemu, n'kuitana che Sumaila kuti amuyendetse kawiri katatu pa kapinga anthu akujambula.

Ntchito yake ndi yosaoneka kukula, koma silola munthu kutalikira. Mimba ya hatchi ndi yaing'ono, choncho Majisi amadya kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono. Mukaphonya nthawi kapena kumuchulutsira madeya, m'mimba mumapotokola, ndipo hatchi imafa nazo zimenezo. Kulinso tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, tomwe timatuluka dzuwa likapendeka, tonyamula matenda opha mahatchi. Pofika hafu folo Majisi ayenera kukhala atalowa m'khola, maneti atatsitsidwa. M'mawa kuli kukamweta msipu kudambo, kupukuta thupi, kukolokosa ziboda. Che Sumaila anapatsidwa chipinda cha antchito moyang'anana ndi khola.

Asiatu anabwera kudzakhala nawo, koma anangotha miyezi iwiri. Ankati ku Area 12 munthu amamva kulira kwa m'mimba mwake, kulibe woti n'kubwerekana naye moto kapena mchere, ndipo geni yake ya samusa kumsika inali kufa. Anabwerera ku Old Town. Kuyambira pamenepo banja lawo limakumana Lachisanu. Che Sumaila amakwera minibasi kukapemphera kumzikiti, n'kudya kunyumba, ndipo ikamakwana fili koloko maso amakhala ali pa wotchi. Tsiku lina Asiatu anawauza kuti bola nthawi ya ku Joni, chifukwa anthu akamufunsa za mwamuna ankayankha kuti ali kutali. Tsopano sankadziwa choyankha.

Mu 2019 bambo awo anamwalira. Mwambo wa maliro utatha, mng'ono wawo Ayub, yemwe ndi telala, anawakokera pambali nawauza kuti benchi singakhale yopanda munthu, chifukwa alipo kale ena akuiyang'anitsitsa. Che Sumaila anapita kwa bwana kukatsanzika. A Chikaonda sanakane. Anangoti aphunzitse Greenwell, bambo wosamala maluwa, yemwe wagwira ntchito pakhomopo zaka zambiri. Anamuphunzitsa masabata atatu, muyeso wa chakudya, nthawi yotseka maneti, mbali yoyandikirira. Kenaka anamanga katundu wawo m'chikwama chimodzi natuluka osadutsira kukhola.

Manja awo sanaiwale hamala. Tsiku lachitatu anali atakhoma kale mbaula zowongoka bwino, ndipo makasitomala akale a bambo awo ankaima kudzawapatsa moni. Madzulo ankabwerera kunyumba wapansi, fumbi la mumsika lili m'mapazi, n'kupeza Zakia akuwayembekezera ndi madzi osamba. Asiatu anayamba kuimba akamakazinga.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Greenwell anatulukira pa benchi, mkono uli m'bandeji. Anafotokoza kuti Majisi wakhala masiku anayi osakhudza chakudya, amangoima pachitseko kugwedeza mutu uku ndi uku kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo nthiti zayamba kuoneka. Iye atayesa kumugwira anamuluma. Bwana anali ataitana dotolo wa ziweto kuti Loweruka adzamubaye jakisoni womupha.

Che Sumaila anaika hamala pansi. Anapita kunyumba kukatenga chikwama, ndipo Asiatu anawapeza akupinda malaya.

"Abambo a Zakia, mukapita ulendo uno, benchi ija musadzaifunsenso."

"Ndikungokamudyetsa. Akayamba kudya ndibwerako."

"Munateronso popita ku Joni."

Majisi anawamva asanawaone. Analira kamodzi, mawu osasa, ndipo iwo atalowa anawagunda pachifuwa ndi mutu mpaka anadzandira. Anadya msipu wa m'manja mwawo. Loweruka dotolo anabwera, nabwerera osatsegula chikwama chake.

Sabata yomweyo che Sumaila anapempha kulankhula ndi bwana. Anaima pakhonde, chisoti m'manja, nanena kuti kunja kwa mzinda kuli mafamu osunga mahatchi, komwe kuli malo ndi anzake oti azicheza nawo, ndipo mwina kumeneko Majisi angazolowere anthu ena. A Chikaonda anamvetsera mpaka kumapeto.

"Che Sumaila, hatchi imeneyi ili ndi mapepala. Sindingaipereke kuti ana azikaikwera pa mapwando. Ikusowa chiyani pano?"

Iwo anayankha kuti sikusowa kanthu, bwana. Benchi inapita kwa mlamu wake wa Ayub.

Chaka chotsatira, Lamlungu lina bwana ali ku Joni, che Sumaila anachita chomwe anali atachiganizira nthawi yaitali. Dzuwa litakwera anamanga Majisi chingwe, napempha mlonda kuti atsegule geti. Inali nthawi yoyamba kuti hatchiyo iponde kunja kuchokera tsiku lomwe inatsika m'thiraki. Anayenda m'mphepete mwa msewu, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda, magalimoto opita kutchalitchi akuchepetsa liwiro kuti aone. Anatsikira kudambo komwe amamweta msipu, pamalo ena athyathyathya oti hatchi ikhoza kutambasula miyendo. Pamenepo anamasula chingwe nabwerera m'mbuyo.

Majisi anaima chilili, mutu uli m'mwamba, khungu likunjenjemera. Che Sumaila analiza lilime monga ankachitira m'mawa wa mpikisano. Anamumenya pang'ono pathako. Hatchi inayenda mapazi asanu, inabudula udzu kawiri, kenaka inatembenuka n'kuyang'ana komwe inachokera. Anayesanso, mpaka anathamanga iwo eni patsogolo pake akukupiza manja, munthu wamkulu wa imvi, amayi ochapa kumtsinje akuseka. Majisi anangowayang'ana, nayamba kuyenda yekha kulowera kumsewu. Anachita kumuthamangira kuti amumange chingwe, ndipo ulendo wonse wobwerera hatchi ndiyo inali patsogolo. Greenwell atafunsa ngati wathamanga, iwo anati dothi linali louma kwambiri, likanamupweteka mwendo.

Zakia anakwatiwa chaka chatha. Che Sumaila anakhala nawo pa mwambo wa kumzikiti, koma mpunga usanagawidwe anali atanyamuka kale. Anthu a ku Old Town analeka kufunsa.

Mwezi wathawu kunabwera dotolo wa ziweto watsopano, mayi wina dzina lake Adija, kudzapereka katemera. Anayang'ana mano a Majisi, namvetsera mtima nthawi yaitali, kenaka anamwetulira. Anati pa hatchi ya zaka makumi awiri ndi chimodzi sanaonepo mtima wamphamvu chotere, ndipo ikapitiriza kusamalidwa chonchi ikhoza kufika zaka makumi atatu. Che Sumaila anathokoza. Atanyamula chikwama cha dotolo kuperekeza kugalimoto, mayiyo anaona kuti akutsimphina, nafunsa kuti bondo linayamba liti. Iwo anati lapitirira chaka. Dotolo anawauza kuti limenelo n'lofunika kukaonetsa kuchipatala msanga, ndipo apite m'mamawa chifukwa mzere wake umatenga tsiku lonse.

"Ndidzapita, adokotala," anatero che Sumaila. "Ndikadzapeza tsiku."